Tsamba Lomaliza la Kabuku ka a Sagara

Nthawi inali itangodutsa 10 koloko usiku pamene a Fumino Kuramochi anamenyetsa chitseko cha galimoto ya amuna awo n'kuuyamba wapansi wobwerera kumudzi. Basi yomaliza inali itapita kalekale. Chipale chinkagwa, chofewa chija chosamveka ndi kugwa komwe, ndipo kuchokera kukhola lakale la ng'ombe kumene kunali galimotoyo kukafika pakhomo pawo, nyengo yachisanu munthu amayenda pafupifupi ola lathunthu.

Mwina mukuti mayi wa zaka 63 ankafunanji kutchire nthawi ngati imeneyo. Nkhani yake ndi ya chigalimoto chija. Kwathu kuno palibe amene sankachidziwa. A Tetsuji, amuna awo a Fumino, atangopuma ntchito kudoko anakagula galimoto yogonamo, zija zokhala ndi bedi, sinki ndi kambaula mkati, koma yakalekale, yazaka zoposa makumi atatu. Inabwera pa lole chifukwa kulira sinkalira. Denga lothonya, kunsi dzimbiri lokhalokha, mkati fungo la nkhungu. Azimayi a kufakitale ya nkhono zam'nyanja, kumene a Fumino amagwira ntchito, anaipatsa dzina loti Bokosi la Maliro. Akuti anayambitsa ndi mkazi wa mwini sitolo ya mpunga. Mwiniwake amakana mpaka lero, chonsecho aliyense anamumva.

Poyamba inkakhala pakhomo. Aneba atatopa ndi phokoso la hamala m'mawa uliwonse, inakokedwa n'kukaimikidwa pafupi ndi khola lija, la banja lina limene linasiya ng'ombe n'kusamukira mumzinda wa Sapporo. Kuyambira pamenepo a Tetsuji ankalawirira konko tsiku ndi tsiku. Mukawafuna, mumangopeza miyendo yokha itatulukira kunsi kwa galimoto.

"Mayi," ankatero kwa akazi awo, "maluwa a mitengo ya sakura akadzayamba kuphuka kum'mwera, ife tidzakhala tili komweko. Kenako tidzawatsatira pang'onopang'ono mpaka adzatifikitse pakhomo."

"Bambo, chinthu chanuchi sichingafike ndi pasitolo ya mpunga pomwe."

Pakamwa ankatero. Koma makatani achikasu amene anali m'mawindo a galimotoyo anasoka ndani? Omwewo, mwakachetechete, akuganiza kuti palibe akuona. Zaka makumi anayi ali m'banja, sanapiteko kulikonse awiriwiri.

Tsono a Tetsuji sanali makaniko ayi. Kudoko ankanyamula mabokosi a nsomba. Mphunzitsi wawo anali kabuku kachikuto chobiriwira kamene anakapeza m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto. Pachikuto panali dzina la mwini wake wakale, Sagara Yoshinori. Mkati monse pensulo, zilembo zing'onozing'ono zaukhondo, ndi zithunzi zojambula pamanja: bauti iyi imafuna sipanala yanji, pampu yamadzi ikakana uigogode pati, denga umate ndi chiyani, waya wofiira akupita kuti. Ndipo zinkatheka. Chimene kabukuko kanena, a Tetsuji akachita, chinthu chakufa chinkadzuka. Ngakhale chitseko, chimene chinkakakamira chikatsekedwa mwamphamvu, kabukuko kanati ukweze kaye chogwirira ndiye ukoke, ndipo zinalidi choncho.

Munthuyo sanamuonepo. Galimotoyo inali itadutsa m'manja mwa ogulitsa awiri kapena atatu, ndipo palibe amene ankadziwa mbiri yake. Koma kunyumba kwa a Kuramochi dzina la a Sagara linkamveka kuposa la mwana wawo yemwe. Pa chakudya cham'mawa, "A Sagara akuti..." Pogona, "A Sagara akuti..." M'kabati ka nsapato, pafupi ndi chitseko cha galimoto, munalinso nsapato zachikopa zofiirira, zakutha zidendene, zitaikidwa bwinobwino moyandikana. A Fumino anati zitayidwe. A Tetsuji anazipolisha n'kuzibwezera momwemo.

"Za mwini sataya," anatero. "Mwina adzazifuna."

Tsiku limenelo, pakati pa Januwale, a Fumino ataweruka anakwera basi kukawapatsira amuna awo mpunga woumba ndi msuzi wotentha m'fulasiki, maganizo ali oti abwerere pa basi ya 8 koloko. Anawapeza atagona chagada kunsi kwa galimoto, tochi ili kukamwa.

"Mwabwera bwino, Mayi. Tagwirani tochiyi."

"Ndabwera ndi chakudya ine, sindinabwere ganyu."

"Mphindi zisanu zokha."

Mphindi zisanu za a Tetsuji tonse timazidziwa. Basi inadutsa a Fumino ali chogwada m'chipale, akuunika.

Vuto linali hita, chotenthetsera m'galimoto. Hita ya galimotoyo imakhala pansi pa mpando, imayaka ndi palafini, ndipo utsi wake umatsika ndi kapaipi kudzera pansi n'kukatulukira m'mbali. Kapaipiko kanali katabooka ndi dzimbiri, pamwamba penipeni, pafupi ndi pamene kamatulukira m'galimoto. Katsopano akuti kakanafika patatha masabata atatu, ndipo a Tetsuji si munthu wodikira. Anakulunga tepi yasiliva pobookapo, akuwerenga mokweza, kamodzi, kawiri, mpaka kasanu. Atatuluka kunsi kuja anatenga fosholo n'kuyamba kuunjika chipale kuzungulira galimoto yonse, mpaka kunsi konse kunatsekeka ngati khoma.

"Izinso n'zachiyani?"

"Kuti mphepo isamadutse kunsi. Zonse zili m'kabuku."

Atalowa, nsapato atavula pakhomo, a Tetsuji anayatsa hita ija. Inatsokomola kawiri, kenako inayamba kung'ung'udza. Kamphepo kofunda kanatuluka pansi pa mpando. Nkhope ya bamboyo inawala ngati ya mwana wopambana mayeso.

"Vulani chijasi, Mayi. Mwamva kufundaku?"

"Ndamva fungo la palafini."

"Mphuno yanu inaonongeka ndi nkhono."

"Nkhonozo ndiye mpunga mukudyawo."

A Tetsuji anaseka, n'kutsegula kabuku pa tsamba lomaliza lolembedwa. Anawerenga pang'onopang'ono ngati kalata ya m'bale:

"Januwale 19. Paipi ya utsi wa hita yabooka chapamwamba. Ndakulunga tepi yasiliva kasanu. Ndaunjika chipale kuzungulira galimoto kuti mphepo isamalowe kunsi. Ndatseka mipata ya m'mawindo. Usiku uno ndigonamo, ndione."

"Ndiye anaona chiyani?" anafunsa a Fumino.

"Sanalembenso."

"Bwanji?"

"Ndiye kuti zinatheka, nanga bwanji. A Sagara ankalemba pakakhala vuto. Sanali munthu wolankhula zilizonse ngati inu ndi anzanu kufakitale." Anatseka kabukuko n'kukasisita. "Lero tigona muno. Bedi ndayala kale. Tiyerekeze ngati tili kum'mwera."

Apa ndi pamene zinavutira. A Fumino anali atatopa, maondo atanyowa, mawa lake 6 koloko akuyenera kukhala ali pantchito. Anati sagona m'chitini. A Tetsuji anati miyezi isanu ndi itatu akugona pansi pa dzimbiri chifukwa cha yani. A Fumino anati palibe anawatuma. Mawu anabala mawu. Anakumbutsana za kalekale, za mwana wawo amene sabwera ngakhale pa chaka chatsopano, za ndani analakwa. Pomaliza a Fumino anavala majombo awo n'kunena mawu amene anali asanawanenepo pamaso pa amuna awo.

"Gonani nokha m'Bokosi lanu la Malirolo, ndi a Sagara anuwo."

A Tetsuji anayang'ana kabuku kaja. Ankadziwa kuti anthu amaitchula choncho, koma sankadziwa kuti akazi awo nawonso amatero.

Ndiye ndi umo a Fumino anapezekera pamsewu okhaokha.

Poyamba mkwiyo unkawafunditsa. Ankayenda mofulumira, chikwama cha fulasiki chikuwamenya m'chiuno, akumalizitsa mkangano uja mumtima, uku akupambana mfundo iliyonse. Msewu unali woyera ponseponse, m'mphepete mwake n'kungodziwira mivi yofiira ija yolendewera pamitengo yachitsulo. Galimoto panalibe. Galu wouwa panalibe. Kwathu kuno nyumba zambiri za kumindako zilibenso anthu.

Anadutsa nyumba yosiyidwa ya achikulire aja ankaweta akavalo. Denga linali litagwa mbali imodzi ndi kulemera kwa chipale. Zenera limodzi linali lotsegula, mkati mdima bii. Sanayang'anemo kawiri.

Mkwiyo unayamba kuzirala. Kuzizira kunalowa m'majombo.

Anafika pamanda. Timafano tamiyala tisanu ndi kamodzi ta pachipata tinali titakwiririka mpaka m'khosi, tinsalu tawo tofiira tikungoonekera pang'ono. A Fumino anaweramitsa mutu monga amachitira aliyense, n'kupitirira. Apa ndi pamene anazindikira kuti sakumva mapazi awo omwe. Chipale chinkameza chilichonse. Ankangomva mtima.

Kutsogolo kunali mlatho, ndi nyale yake imodzi ija yachikasu.

Pansi pa nyaleyo panaima munthu.

A Fumino anachepetsa liwiro. Anali bambo wachikulire, wamfupi, wovala juzi yotuwa. Chijasi analibe. Chipewa analibe. Anangoima pakati pa mlatho, manja ali lende, akuyang'ana njira imene iwo ankachokera.

Mtima unakhala pansi pang'ono. Achikulire osokonezeka mutu amatuluka m'nyumba usiku, si zachilendo, chaka chatha tinasakako wina mpaka m'mawa. Anayandikira.

"Pepani bambo. Mwachokera nyumba iti?"

Munthuyo anatembenuka pang'onopang'ono. Masaya ake anali ofiirira bwino, ngati wangotuluka kumene m'bafa la madzi otentha. Kukhutu kunali pensulo.

"Mutu," anatero motsitsa. "Mutu ukundiwawa."

"Mudwala ndi chisanu chimenechi. Kunyumba akudziwa kuti mwatuluka?"

Anayang'ana pansi kuti aone ngati angathe kuyenda naye. Anaona masokosi. Masokosi okha, otuwa, pa chipale. Lakumanzere linali lobooka, chala chachikulu chili panja.

"Nsapato zanu zili kuti?"

"Ndinaziika bwinobwino. M'kabati."

A Fumino anayamba kumasula mpango wa m'khosi kuti amufunditse. Mpweya wawo unkatuluka m'kamwa ngati utsi, woyera, wambiri. Anayang'ana pakamwa pa munthuyo.

Panalibe kanthu. Ankalankhula, koma mpweya osaoneka.

Manja awo anaima pa mpango pomwepo.

"Munali mofunda," anatero munthuyo. "Munali mofunda bwino kwambiri."

"Muti... muti, bambo?"

"Kasanu sikokwanira."

Nyale ya pamlatho inaphethira.

"Kakhumi sikokwanira. Ikatentha imamatuka."

Miyendo ya a Fumino inafuna kuthawa. Inakana. Chipale chinkagwera paphewa pawo, pamutu pawo, pachikwama. Pa juzi ya munthuyo sipankatsalira kanthu. Masokosi aja anali ouma.

"Utsi ulibe kolowera," anapitiriza, ngati akudzilankhulira yekha. "Ndinatseka ndekha. Ndiye umakwera. Sununkha. Umangokugoneka..." Anakweza dzanja n'kugwira pensulo ya kukhutu ija. "Ndinkafuna ndilembe. Tsamba lotsatira. Dzanja linakana."

Kenako anawayang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Agona kale?"

A Fumino anatembenuka kuyang'ana kumene anachokera. Mdima wokhawokha. Anapisa m'thumba, foni inatsala pang'ono kugwa, zala zitauma. Anaimbira amuna awo.

Inaitana. Inaitana. Inaitana...

A Tetsuji amayankha foni isanamalize kulira kachiwiri, ngakhale atakwiya bwanji.

Anadzutsa mutu. Pamlatho panalibe munthu. Nyale yokha, ndi chipale chosalala, mapazi a munthu mmodzi. Awo.

Anataya chikwama n'kuthamanga.

Mayi wa zaka 63, m'majombo, m'chipale chofika m'maondo. Pamanda anagwa. Anadzuka. Pa nyumba yosiyidwa ija anagwanso, mlomo n'kung'ambika. Anadzuka. Chifuwa chinkapsa. Foni ili kukhutu, ikuitanabe. Mumtima munali mawu amodzi okha, aja anawasiya pakhomo la galimoto. Bokosi la Maliro. Bokosi la Maliro. Ankawamva pa phazi lililonse.

Khola linaonekera. Kenako galimoto. Makatani achikasu ankawala, nyale mkati ikadali yoyaka. Hita inkang'ung'udza bwinobwino. Mkati foni inkalira.

"Bambo!"

Zii.

Anagwira chitseko n'kukoka. Chinakana. Anali atachimenyetsa okha potuluka. Anakoka ndi manja awiri. Anachimenya ndi chibakera. Chinakana.

Ndiye anamva mawu a amuna awo m'mutu, aja ankawatopetsa pa chakudya cham'mawa. A Sagara akuti ukweze kaye, ndiye ukoke.

Anakweza. Anakoka. Chinatseguka.

Mkati munali mofunda. Mofunda bwino kwambiri.

A Tetsuji anali atakhala pansi, msana atatsamira mpando, mutu utagwera pachifuwa. Kabuku kali pamiyendo. Pensulo ili m'manja. Masaya ofiirira ngati wochokera m'bafa.

A Fumino anagwira mpweya, n'kulowa ndi majombo omwe. Anawakola m'khwapa n'kuwakokera chambuyo. Mwamuna wolemera ngati thumba la mchere, akuti mpaka lero sadziwa kuti mphamvu anazitenga kuti. Anagwera limodzi panja. A Tetsuji anagona chagada m'chipale, masokosi okha kumapazi. A Fumino anaimba foni ya ambulansi ndi dzanja limodzi, linalo akuwamenya mbama amuna awo, akuwatchula dzina lawo lenileni, limene anali asanalitchule kwa zaka makumi atatu.

"Tetsuji. Tetsuji. Pumani. Ndapota nanu, pumani."

Patapita nthawi, kampweya koyera kanatuluka pakamwa pawo. Kochepa zedi. Koma kanatuluka.

Anthu a ambulansi atabwera, mmodzi anafukula chipale n'kuunika kunsi kwa galimoto. Tepi ija inali ikulendewera ngati khungwa, itamatuka yonse.

A Tetsuji sanafe. Izi ndiye zimene anthu amathamangira kufunsa. Anakhala m'chipatala ku Asahikawa masabata anayi, n'kubwerera. Koma amene anabwerera si a Tetsuji aja ankakangana ndi aneba za hamala. Manja amanjenjemera. Amayamba chiganizo n'kuchisiya panjira. Tsiku lina anatenga sipanala m'bokosi la zida, n'kuitembenuza uku ndi uku, kenako anafunsa akazi awo kuti kodi chimenechi n'chachiyani. Za usiku uja sakumbuka chilichonse, ngakhale mkangano. A Fumino okha ndiwo amaukumbuka. Kufakitale dzina lija palibenso amalitchula, ngakhale mkazi wa mwini sitolo ya mpunga, ndipo anabwera ndi maapozi kudzazonda odwala, maso ali pansi.

Za munthu wa pamlatho a Fumino anauza wapolisi wa kwathu kuno m'mawa mwake. Wapolisiyo anayenda nyumba ndi nyumba. Palibe wachikulire amene anasowa usiku umenewo. Anthu anati ndi kutopa, ena anati utsi uja unali utawalowa nawonso pang'ono. A Fumino anasiya kuikamba.

Mu Epulo, chipale chitayamba kusungunuka, wogula zitsulo anati abwera kudzatenga galimoto ija. A Fumino anapita kukachotsa makatani awo. Kabuku kanali pansi pomwe kanagwera. Anakatola kuti akakaponye pamoto, ndipo mkati mwa chikuto chakumbuyo anaona keyala ya a Sagara, tauni ina yam'mphepete mwa nyanja, ulendo wa maola atatu.

Anadziuza kuti akupita kukamukalipira munthuyo. Munthu wanji wolemba zinthu n'kusiya osamaliza? Ankadziuza choncho m'sitima, ankadziuzanso choncho m'basi. Koma nsapato zija anazitenga, atazikulunga bwinobwino m'nsalu. Munthu wopita kukakalipa sanyamula nsapato.

Anatsegula chitseko ndi mayi wokalamba, wowerama msana, atavala epuloni.

"Pepani kukusokonezani. Ndine Kuramochi. Amuna anga anagula galimoto imene inali ya pano kale. Ndabweretsa katundu amene anatsalamo."

Anamasula nsalu ija. Mayiyo ataona nsapato, anagwira khoma, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo.

"Zinali kuti?"

"M'kabati, pafupi ndi chitseko."

"Inde. Inde, ndi momwe ankaika." Anazisisita ndi chala. "Mwana wathu anaigulitsa galimotoyo sabata yomweyo, sanafune ndi kulowamo komwe. Tinasaka nsapatozi nyumba yonse. Sankavala zina. Ankati zina zonse zimamuluma. Lowani, mayi, lowani mumuone."

Anawatsogolera m'chipinda chamkati. Pakona panali kaguwa ka makolo, lubani akufuka, kambale ka mpunga pambali. Pamwamba pake chithunzi.

Bambo wamfupi. Juzi yotuwa. Pensulo kukhutu. Pachithunzipo masaya anali otuwa ngati a munthu wina aliyense.

A Fumino anagwada patsogolo pa chithunzicho.

"Liti?" anafunsa.

"Januwale 20. Chaka chino zakwana zaka khumi ndi ziwiri. Anati akukagona m'galimoto kuseri kwa nyumbaku, ayese hita. Ine ndinati zausiru, ndinakagona." Mayiyo anayang'ana chithunzi chija. "M'mawa ndinamupeza pafupi ndi chitseko. Akuoneka bwino, ngati wangogona. Ndinayamba n'kumukalipira kuti adzuke."

"Sokosi lakumanzere linali lobooka."

Mayi Sagara anatembenuka.

"Ndinkati ndilisoka Lamlungu," anatero pang'onopang'ono. "Mwadziwa bwanji?"

A Fumino anatulutsa kabuku kaja n'kutsegula pa Januwale 19, kenako anatembenuza tsamba. Anali asanayang'anepo tsamba lotsatiralo. Silinali loyera kwenikweni. Pamwamba panali kamzere ka pensulo, kofufutika ndi zaka, koyamba ngati chilembo n'kutsetsereka mpaka m'mphepete. Pansi pake panali kamzere kena kofanana nako, kakuda, katsopano.

Pakaguwa, pafupi ndi kambale ka mpunga, panali pensulo yaifupi yolumidwa kumapeto.

"Ndi imene inali m'manja mwake," anatero Mayi Sagara.

"Mungandibwereke?"

Mayiyo anaitenga ndi manja awiri n'kuwapatsa. A Fumino anaika kabuku pabondo. Zilembo zawo si zaukhondo ngati za a Sagara, koma analemba mpaka kumaliza:

"Januwale 20. Musatero. Tepi ikatentha imamatuka."